Kudzala msuku kumayambira pa dothi

Masuku amene timagula m'mabeseni m'mbali mwa msewu wa M1 cha ku Dedza, mvula ikamayamba, pafupifupi onse ndi otola m'tchire. Odula nkhuni ndi owotcha makala akuitha misuku m'mapirimu, koma odzala ndi ochepa, poti ambiri amati msuku sudzalidwa. Umadzalika ndithu, bola kutsata khalidwe lake.

Yambani ndi kusankha mtengo wa zipatso zikuluzikulu, zotsekemera, ndipo mutole zakupsa zogwa zokha. Suku limodzi limakhala ndi nthanga zitatu kapena zinayi. Zitsukeni, muzifese sabata yomweyo. Musaziyanike padzuwa, musazisungenso ngati mbewu ya chimanga. Nthanga ya suku ikauma, yafa.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa dothi. Mizu ya msuku imakhalira limodzi ndi timaulusi ta bowa tamunthaka, timene timauthandiza kuyamwa madzi ndi chakudya. N'chifukwa chake amayi ozula bowa m'dzinja amalunjika pa misuku. Mbande yosowa timaulusiti imamera bwinobwino, kenaka masamba amachita chikasu, n'kupinimbira mpaka kufa, mwini wake n'kumadandaula kuti mwina manyowa anachepa. Ayi, si manyowa. Kapaleni dothi lapamwamba pansi pa msuku waukulu, pamodzi ndi masamba ake owolerana, mulisakanize ndi mchenga pang'ono, ndiye mudzaze m'machubu. Palani pang'onopang'ono malo osiyanasiyana, osakumba mpaka kuvulaza mizu ya mtengowo.

Nthanga imodzi pa chubu, osaikwirira kwambiri. Nazale ikhale pamthunzi, ndipo thirirani mosachulutsa madzi.

Okerani mvula ya chaka chotsatira ikakhazikika, pamalo okwera, a dothi lamchenga kapena lamiyala. Kudambo ayi, msuku sufuna lowe. Dzalani yambiri, chifukwa pali msuku waumuna ndi waukazi, ndipo simungaisiyanitse isanachite maluwa. Wobereka ndi waukazi wokha, koma umafuna waumuna pafupi. Wofesa nthanga amadikira zaka pafupifupi 10. Akatswiri a bungwe la ICRAF ku Makoka, m'boma la Zomba, anaonetsa kuti kumezanitsa mbande ndi kanthambi ka mtengo wobereka kale kumafupikitsa kwambiri nthawiyi, komanso mumadziwiratu kuti ndi waukazi. Mlangizi wa zankhalango angakuphunzitseni kadulidwe kake.

Mdani wotsala ndi moto. Udzu ukayamba kuuma, cha mu Meyi kapena Juni, lambulani kuzungulira mbande iliyonse, osadikira moto wolusa wa osaka mbewa m'chilimwe. Mbuzi muzitchinge ndi minga.

Ngati m'munda mwanu muli chitsa cha msuku chimene chikuphuka, musachizule. Siyani mphukira ziwiri zamphamvu, zinazo sadzani. Mizu yake ndi yakale, bowa wake alipo kale, choncho chimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu.