Osula Zitsulo a Kwathu

Anzanga, tayang'anani khasu lanu. Kodi mukudziŵa kuti kale makolo athu sankagula makasu m'sitolo? Ankasula okha.

Ntchito inkayamba ndi kukumba miyala ya chitsulo. Kenaka amuna ankamanga ng'anjo ndi dothi la pachulu. M'kati mwake ankathiramo makala ndi miyala ija, nayatsa moto. Moto ukayaka nthaŵi yaitali, pansi pa ng'anjo pankatsala chibuma cha chitsulo.

Chibumacho ankapita nacho ku chipala. Kumeneko mnyamata ankapopa mvukuto wachikopa kuti makala ayake kwambiri. Chitsulo chikafiira, wosula ankachigwira ndi mbaniro, nachimenya ndi nyundo. Motero ankapanga makasu, nkhwangwa, mipeni, mivi ndi mikondo. Makasu ena ankasinthanitsa ndi mchere kapena nsalu.

Izi si nthano ai. M'chaka cha 1866 David Livingstone anadutsa m'dziko la Acheŵa, naoloka mtsinje wa Diamphwe umene umathira mu Linthipe. Iye analemba kuti m'midzi yambiri anaonamo ng'anjo ndi osula zitsulo. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, akatswiri anafukula zida zachitsulo zakalekale.

Nanga ng'anjo zinatha bwanji? M'nthaŵi ya atsamunda, m'masitolo munadzaza makasu ochokera kunja. Anthu anaona kuti kugula n'kosavuta kusiyana ndi kuyenga chitsulo. Pang'onopang'ono ng'anjo zinazima.

Koma luso losula silinafe. Lero osula amatola zitsulo za galimoto zakutha, napanga nkhwangwa, zikwanje ndi mbaula. Anzawo amadula matayala akutha ndi kusoka nkhwaira. Nkhwaira sizing'ambika msanga, ndipo zimateteza mapazi ku minga.

Tsono inu, nkhwangwa yanu ikabuntha kapena khasu likang'ambika, musataye. Pitani nazo kwa wosula. Mudzalipira ndalama zochepa, ndipo ndalamazo zidzatsala m'mudzi mwanu momwemo. Ngati wosula wa kwanu wakalamba, tumizani mwana akamuthandize kupopa mvukuto. Mkuluyo akamwalira asanaphunzitse wina, lusolo lidzapita naye kumanda.

Mafunso

1. Kodi ng'anjo ankamangira chiyani?
2. Tchulani zida zitatu zimene wosula amagwiritsa ntchito.
3. Lembani zinthu ziŵiri za m'nyumba mwanu zimene wosula angakonze.