Mkondo wa Sauli ndi Anamwino a Odwala Maganizo

Kuwerenga: 1 Samueli 16:14-23, 18:10-11, 24:1-7

Azimai anzanga mwa Ambuye, pamene mfumu Sauli inali kusautsika mumtima, Davide ndiye anali kuiimbira zeze kuti ipeze mpumulo. Koma tsiku lina, ali pa nchito yomweyo, Sauli anamponyera mkondo. Wothandiza uja ndiye anakhala pafupi ndi ngozi.

Zotere zimawagwera anamwino osamalira odwala maganizo, monga a ku cipatala ca Chainama ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 1962. Ena amatukwanidwa, kulumidwa kapena kumenyedwa ndi munthu amene akumupatsa mankhwala.

Tisaiwale kuti matenda a maganizo ndi matenda monga ena onse, ndipo odwala ambiri sacita ndeu. Kawirikawiri amene amamenya amakhala ndi mantha: amamva mau amene ife sitimva, wabwera womangidwa zingwe, analeka mankhwala, kapena mowa ndi camba zamsokoneza mutu.

Taonani zimene Davide anacita. Coyamba, anauzemba mkondo. Namwino wovulazidwa asauzidwe kuti apirire cabe popeza anasankha yekha nchitoyo. Ayenera kunena kwa akulu a cipatala, kulandira cithandizo ndi kupuma. Caciwiri, Davide sanabwezere, ngakhale pamene anampeza Sauli m'phanga. Wodwala sayenera kumenyedwa kapena kunyozedwa. Lamulo la Mental Health Act la 2019 limateteza ulemu wake.

Nanga ife a Cigwirizano ticitepo ciani?

1. Tiperekeze wodwala ku cipatala msanga, matenda asanakule.
2. Tiuze namwino zoona. Ngati wodwalayo anamenyapo munthu kunyumba, kapena wabisa mpeni, tisabise cifukwa ca manyazi.
3. Tisamuleketse mankhwala poti tamupempherera. Pemphero ndi mankhwala siziyambana.
4. Ticezere anamwino a mu mpingo mwathu ndi kumva zimene zimawalemera.

Mafunso okambirana

Kodi m'banja mwathu timabisa ciani popita ndi wodwala ku cipatala? Ndi namwino uti amene tingamuyendere mwezi uno?

Pemphero

Atate, tetezani manja amene asamalira odwala usana ndi usiku. Patsani mtendere kwa osautsika maganizo, ndipo ife mutiphunzitse kunena zoona. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.