Ndodo imodzi ikwanira: mmene mungasankhire ndodo yowedzera bass

Alimi ambiri amene ali ndi madamu othirira mbewu kapena omwetsa ziweto amaiwala kuti m'madzi omwewo mulinso ndiwo. M'madamu ena, monga a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje komanso damu la Luwawa kumapiri a Viphya, muli nsomba ya kukamwa kwakukulu yotchedwa bass. Kwawo kwa nsombayi ndi ku North America. Idafika ku South Africa mu 1928 ndipo pambuyo pake anthu adayamba kuiika m'madamu a ku Zimbabwe ndi kuno kwathu.

Bass savuta kudya koma amavuta kugwira ndi ukonde, chifukwa amakonda kubisala m'zitsa, m'mabango ndi m'udzu wa m'madzi, momwe ukonde umangokodwa ndi kung'ambika. Chida chake ndi ndodo yoponyera, ija yokhala ndi kawilo kokulungira twaini kamene m'masitolo amakatcha reel. Vuto ndi loti mukalowa m'sitolo mudzapeza ndodo za mitundumitundu, ndipo wogulitsa angakuuzeni kuti nyambo iliyonse imafuna ndodo yakeyake. Malangizo anga ndi awa: mlimi sasowa ndodo zinayi. Imodzi yapakatikati, yosankhidwa bwino, ikwanira.

Yambani ndi kudziwa mtundu

Ndodo zoponyera zilipo mitundu iwiri ikuluikulu. Pa ndodo ya spinning, kawilo kamalendewera kunsi kwa ndodo, ndipo mphete yoyamba imene twaini imadutsamo imakhala yaikulu. Pa ndodo ya baitcasting, kawilo kamakhala pamwamba, timphete timakhala tating'onoting'ono, ndipo kunsi kwa chogwirira kumakhala kanyanga kokolowekapo chala.

Inu gulani ya spinning. Njosavuta kuphunzira, twaini siipiringizika kawirikawiri, ndipo imaponya bwino nyambo zopepuka. Samalani kuti asakugulitseni ndodo ya mtundu wina ndi kawilo ka mtundu wina, chifukwa ziwirizi sizigwirizana.

Werengani zolembedwa pa ndodo

Ndodo yabwino imakhala ndi malemba pamwamba pang'ono pa chogwirira. Malembawa amanena zinthu zinayi.

Choyamba ndi kutalika. Funani yolembedwa 6'6" kapena 7', kutanthauza pafupifupi mamita 2 mpaka 2.1. Yaifupi kuposa apa siiponya patali mukaima m'mphepete mwa damu, pamene yaitali kwambiri imakodwa m'nthambi za mitengo ndipo imatopetsa dzanja.

Chachiwiri ndi mphamvu. Pamalembedwa light, medium kapena heavy. Sankhani medium, imene ena amangolemba M. Ndodo ya light njofewa kwambiri moti bass wamkulu akathawira m'zitsa simungamubweze. Ya heavy njouma, ndipo nyambo yopepuka siipita patali. Ngati damu lanu lili ndi udzu wambiri, medium heavy ingachitenso bwino.

Chachitatu ndi kapindikidwe, kamene amalemba kuti action. Ndodo ya fast imapindika cha kunsonga kokha, pamene ya slow imapindika yonse ngati uta. Kwa bass tengani ya fast kapena moderate fast. Mkamwa mwa nsombayi ndi molimba, tsono pamafunika ndodo yoti mukakoka, mbedza ilowe nthawi yomweyo.

Chachinayi ndi muyeso wa twaini ndi wa nyambo. Mukaona 8-15 lb, ndiye kuti ndodoyo imafuna twaini yotha kupirira makilogalamu 3.6 mpaka 6.8. Mukaona 1/4-5/8 oz, ndiye kuti nyambo yake ikhale yolemera magalamu 7 mpaka 18. Ndodo ya muyeso umenewu imaponya nyongolotsi za pulasitiki, tizitsulo tonyezimira tija tozungulira m'madzi, ngakhalenso nyongolotsi zenizeni zokumba kudimba. Mungawedzerenso sungwa, chilunguni kapena mlamba wapakatikati.

Ndodo yopanda malemba aliwonse isiyeni, ngakhale ikhale yonyezimira chotani. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Yapangidwa ndi chiyani?

Ndodo za fibreglass nzotsika mtengo ndipo sizithyoka wamba, koma nzolemera ndipo nsomba ikangolawa nyambo simumva bwino m'dzanja. Za graphite nzopepuka ndipo mumamva ngakhale nyambo ikagunda mwala, koma nzodula ndiponso zimathyoka msanga zikapondedwa kapena kupanidwa ndi chitseko. Palinso zosakaniza zinthu ziwirizi. Chitsanzo chodziwika ndi Ugly Stik, imene kampani ya Shakespeare idayamba kugulitsa mu 1976 ndipo idatchuka kaamba ka kulimba kwake.

Kwa mlimi amene ndodo yake izimangidwa panjinga, kusungidwa pamodzi ndi makasu ndi kubwerekedwa ndi ana, ine ndimalangiza yosakaniza kapena ya fibreglass. Kumva bwino nsomba nkofunika, koma ndodo yothyoka siigwira kanthu.

Sankhaninso yogawika pawiri, kuti muzitha kukwera nayo minibasi. Zija zolowetsana ngati mlongoti wa wailesi zimakopa chifukwa cha mtengo, koma mchenga ukalowa m'molumikizira zimakanirira, timphete take timapotoka, ndipo malo othyokera amachuluka.

Iyeseni musanapereke ndalama

Kaya mukugula yatsopano kaya yakale kwa mnzanu, pitani ndi kathonje m'thumba. Pititsani kathonjeko m'kati mwa mphete iliyonse. Kakakodwa kapena kusiya ulusi, mpheteyo njosweka ndipo izidula twaini nsomba ikamakoka. Yang'anitsitsani mphete ya kunsonga chifukwa ndiyo imatha msanga.

Kenaka lumikizani zigawo ziwirizo ndi kuyang'ana kuchokera kuchogwirira ngati mmene mmisiri amayang'anira thabwa. Timphete tonse tikhale pa mzere umodzi. Igwedezeni pang'ono. Mukamva kulira polumikizira, ndiye kuti mpokhwepa. Yendetsani zala pa ndodo yonse kufuna ming'alu, makamaka cha kunsonga. Pomaliza mangani kawilo pamalo pake ndipo onani ngati sikakugwedera.

Gawani ndalama bwino

Anthu ambiri amathera ndalama zonse pa ndodo kenaka nkugula kawilo kachabechabe. Pa zida ziwirizi, chimene chimafa msanga ndi kawilo chifukwa ndimo muli zitsulo zoyenda. Ngati muli ndi ndalama zochepa, gulani ndodo wamba yolimba ndi kawilo kabwinoko ka saizi 2500 kapena 3000. Makampani monga Shimano, Daiwa ndi Okuma amapanganso mitundu yotsika mtengo. Kazungulitseni m'sitolo momwemo. Kayende mosalala, kosalira ngati njinga yopanda girisi.

Twaini ya nayiloni ya 10 lb, imene ndi makilogalamu 4.5, njokwanira poyambira. Twaini imene imabwera itakulungidwa kale pa kawilo kotchipa nthawi zambiri imakhala yosalimba, choncho ndi bwino kuichotsa.

Kutsogolo kapena kumbuyo kwa kawilo kuli kachitsekerero kotchedwa drag, kamene kamalola twaini kutuluka nsomba ikakoka kwambiri m'malo moti iduke. Kamangeni moti twaini iziyamba kutuluka pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake. Njira yapafupi nayi: thirani madzi okwana lita imodzi ndi theka m'botolo, mangani botololo ku twaini ya 10 lb, lozetsani ndodo pansi molunjika botolo kuti isapindike, ndipo nyamulani. Twaini iyambe kutuluka pang'onopang'ono pamene botolo likuti linyamuke.

Kasamalidwe

Ndodo zambiri sizithyoledwa ndi nsomba koma ndi eni ake. Musanyamule nsomba m'madzi ndi ndodo itaima chilili, chifukwa kulemera konse kumapita kunsonga. Ikokereni kumtunda ndipo muigwire ndi dzanja pa mlomo wam'munsi. Mbedza ikakodwa pa chitsa musalimbane nayo ndi ndodo. Lozetsani ndodo kumene yakodwako, kulungani twaini pa kamtengo ndi kukoka mutayang'ana kumbali.

Pakani kandulo pang'ono polumikizira kuti pasakanirire. Musasiye kawilo pamchenga ndipo twaini isakhalitse padzuwa chifukwa imafumbwa. Kukayamba ziphaliwali ikani ndodo pansi ndi kuchoka pamadzi, ndipo musadutse nayo itaima pansi pa nthambo za magetsi, popeza graphite imadutsa magetsi. Kumbukiraninso kuti madzi odikha a m'madamu amasunga nkhono za likodzo, ndipo madamu ena muli ng'ona. Wedzani mutaima kumtunda.

Nthawi yabwino yowedza ndi m'mamawa ndi madzulo dzuwa likapepa. Nyengo yozizira ikamatha ndipo madzi akayamba kufunda, bass amaswana, ndipo wamphongo amalondera mazira pamalo osaya. Ngati mukufuna kuti damu lipitirire kukupatsani ndiwo, musamalize nsomba zolondera zisazi.

Chenjezo kwa oweta nsomba

Bass amadya nsomba zinzake, achule ndi nkhanu. Mukamuika m'dziwe la makumba kapena chilunguni, ana a nsomba zanu adzatha. Akathawira mumtsinje nthawi ya mvula, amakawononganso nsomba zathu zachilengedwe. Dziko lino lidakhazikitsa lamulo losamalira nsomba mu 1997, ndipo kusamutsa nsomba zachilendo popanda chilolezo ndi mlandu. Choncho wedzani bass kumene alipo kale, mutapempha mwini damu, koma musatenge wamoyo kukaika kwina. Ngati muli ndi maganizo oika nsomba zatsopano m'damu lanu, yambani mwaonana ndi mlangizi wa za nsomba wa m'dera lanu.

Mwachidule, pokagula kumbukirani izi: ndodo ya spinning ya mamita awiri, ya medium, yopindika kunsonga, yogawika pawiri, kawilo ka 2500 kapena 3000, ndi twaini ya 10 lb. Ndipo musagulitse chimanga cha m'nkhokwe kuti mugule ndodo. Dikirani mutagulitsa zakudimba, pakuti nsomba zili m'damu sizithawa.