Phunziro la Mabanja: Ana ndi Wailesi ya Kanema

M'mabanja ena mwana amayatsa kanema akangoweruka kusukulu, makolo ali kumsika kapena kuntchito. M'mabanja ena kanema ndi woletsedwa kotheratu, ndipo ana amazembera kwa anzawo kapena kumalo oonetsera mafilimu, kumene kulibe wamkulu wowasankhira.

Mpingo umafuna kuti makolo aziyang'anira okha. Chikalata cha Inter Mirifica, cha Msonkhano Wachiwiri wa Vatican mu 1963, chimapatsa makolo udindo waukulu woletsa zoipa kulowa m'nyumba. Mu uthenga wake wa mu 1994, Papa John Paul II adachenjeza kuti kholo losandutsa kanema kukhala mlezi wa ana limataya ntchito yake ya mphunzitsi woyamba.

Choncho kholo lidziwe pulogalamu imene mwana amaikonda, liionere naye limodzi, ndipo limufunse zomwe watolapo. Kanema azizimitsidwa nthawi ya chakudya, ya homuweki ndi ya Kolona. Lamuloli likhudze bambo omwe, ngakhale mpira utafika pokoma, chifukwa mwana amatsanzira zomwe akuona. Kuongola mtengo m'poyamba.

Funso lokambirana ku mphakati: kodi kholo lingatchule zomwe mwana wake waonera dzulo?