Poizoni wa tizilombo m'matumbo ndi zimene tingachite pakhomo

Mu Marichi 2022, wodwala woyamba wa mliri waukulu wa kolera anapezeka pa chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde, mvula ya namondwe Ana itangogumula zitsime ndi zimbudzi m'madera ambiri a kummwera. Pofika pakati pa 2023 matendawa anali atafika m'maboma onse a dziko lino, atagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Anthu a kwa Kawinga, kuyambira pa Ntaja mpaka kumadooko a nyanja ya Chilwa, kolera ndi kutsegula m'mimba sakuzimvera pa wailesi, chifukwa dzinja lililonse zimafika pakhomo. Komabe m'mimba mukavuta, ambiri amaganiza kuti muli zoipa zofunika kuzitsuka ndi mankhwala owawa, kapena kuziuma pomumana wodwala madzi ndi chakudya. Zoipazo zilimodi, ndipo nthawi zina ndi poizoni wopangidwa ndi tizilombo. Koma poizoni ameneyu satsukika ndi mizu kapena makala. Thupi limamuchotsa lokha, ndipo ntchito ya pakhomo ndi kusunga munthu ndi moyo pomubwezera madzi, mchere ndi chakudya mpaka thupilo litamaliza ntchito yake.

Chakudya chikachoka m'chifu chimalowa m'matumbo aang'ono, omwe mwa munthu wamkulu ndi otalika pafupifupi mamita 6, kenako m'matumbo aakulu. Tsiku lililonse m'matumbo mumadutsa madzi okwana malita 8 kapena 9. Ena ndi amene timamwa, koma ambiri ndi malovu, ndulu ndi timadzi tina togaya chakudya timene thupi limathira lokha. Khoma la matumbo limayamwanso pafupifupi madzi onsewo n'kuwabwezera m'magazi, ndipo amene amatsala m'chimbudzi sadzaza n'kapu yomwe. Madziwo sayamwidwa paokha. Khoma limakoka mchere kaye, ndipo madzi amatsatira kumene mchere wapita.

M'matumbo aakulu mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya, tochuluka kwambiri kuposa anthu onse a padziko lapansi. Tambiri mwa ito si adani. Timadya gaga, makoko a nyemba ndi mitsitsi ya masamba imene chifu chathu chalephera kugaya, ndipo podya timatulutsa timadzi towawasa pang'ono. Timadzi timeneti timadyetsa khoma la matumbo, timalithandiza kuyamwa madzi, komanso timavutitsa tizilombo toyambitsa matenda. Zili ngati dimba la mbatata: kholowa akayanga n'kuphimba nthaka yonse, udzu umasowa pomera, koma dimba likakhala lambee chilichonse chimamera. Ndiye munthu amene akufuna kupha tizilombo tonse ta m'mimba mwake akudzichotsera chitetezo chimene anali nacho kale.

Kachilombo ka kolera kamalowa ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Tambiri timafera m'chifu, momwe muli asidi wamphamvu, koma tikalowa tochuluka tina timapulumuka, n'kukamatirira pa khoma la matumbo aang'ono. Sitiboola khomalo ndipo sitilowa m'magazi. Timangotulutsa poizoni amene amasokoneza khoma kuti m'malo mokoka mchere liziwutaya m'matumbo, ndipo madzi a m'thupi amautsatira. Munthu wamkulu amatha kutaya lita imodzi pa ola limodzi, chimbudzi chake chili choyera ngati madzi otsukira mpunga. Magazi amachepa, mtima umasowa chopopa, impso zimaima, ndipo amene anadzuka wamphamvu m'mawa amatha kumwalira dzuwa lisanalowe. Mitundu ina ya kachilombo ka E. coli, kamene kamatsegula ana ambiri m'mimba, imatulutsa poizoni wogwira ntchito mofananamo. Chomwe chimapha, tsono, ndi kuuma kwa thupi. Maso amalowa, pakamwa pamauma, mkodzo umasowa, khungu la pamimba mukalitsina silibwerera msanga. Mwa khanda liwombo limalowa, ndipo apa m'pamene mabanja ambiri amataya nthawi ndi mankhwala opaka pamutu. Liwombo lalowa chifukwa madzi achepa m'thupi lonse, ndipo limadzuka mwana akamwa.

Chimene chimapulumutsa anthu n'chakuti poizoniyu saononga njira zonse za khoma la matumbo. Pali njira ina imene mchere umalowera m'thupi pokhapokha utatsagana ndi shuga, ndipo imeneyi imagwirabe ntchito ngakhale kolera itafika poipa. Mchere wokha sulowa bwino, shuga yekha sathandiza, koma ziwirizi zikakhala pamodzi pa muyeso woyenera zimalowa ndipo madzi amazitsatira. Madokotala anazindikira zimenezi m'zaka za m'ma 1960. Mu 1971, pa nkhondo ya ufulu wa Bangladesh, kolera inabuka mumsasa wa othawa kwawo ku Bangaon m'dziko la India, madiripi atatha. Dokotala Dilip Mahalanabis anasungunula mchere ndi shuga m'migolo, n'kuuza achibale kuti azimwetsa odwala awo ndi makapu. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu 30 mwa 100 alionse kufika pa anthu osakwana 4. Paketi ya Thanzi ORS imene mumalandira kwa mlangizi wa zaumoyo kapena pa chipatala cha Ntaja ndi nzeru yomweyo. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini. Thanzi akasowa, tengani lita imodzi ya madzi otere, yomwe ndi mabotolo awiri a theka la lita, muthiremo masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, onse osasefukira. Lawani: asawawe mchere kuposa misozi. Muyesowu ndi wofunika, chifukwa shuga akachuluka amakokera madzi m'matumbo n'kuwonjezera kutsegula, n'chifukwa chake Fanta, Coca-Cola ndi Sobo sizilowa m'malo mwa Thanzi. Mchere ukachuluka umatha kukomola mwana.

Amayi ambiri amatsutsa ndi mfundo yomveka ndithu: ndikammwetsa, nthawi yomweyo amatsegulanso kapena kusanza, ndiye kuli bwino m'mimba mupume. Zimene maso awo aona n'zoona, koma madzi akutulukawo si amene mwangommwetsa. Akuchokera m'magazi, ndipo atulukabe ngakhale mutammana. Kusiyana n'kwakuti womwetsedwa akubweza zimene akutaya, pamene womanidwa akungotaya. Thanzi saletsa kutsegula, ndipo amene amayembekezera kuti aletsa amakhumudwa n'kusiya msanga. Mwana wosakwana zaka 2 amwe kotala kapena theka la kapu akangochita chimbudzi, wa zaka 2 mpaka 10 amwe theka kapena kapu yodzaza, wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso pang'onopang'ono ndi supuni. Otsala a dzulo atayeni mukonze ena. Nkhani ya chakudya ili chimodzimodzi. Khoma la matumbo limadzikonza pa masiku ochepa, koma limafuna chakudya kuti litero, ndipo mwana womanidwa amachira mochedwa n'kutsala wonyentchera, wosachedwa kudwalanso. Woyamwa apitirize kuyamwa kuposa kale. Phala la mpunga lamadzimadzi lothira kamchere n'labwino kwambiri, chifukwa mpunga umasanduka shuga pang'onopang'ono m'matumbo n'kunyamula mchere pa njira ija, ndipo mpunga m'madambo a Chilwa susowa. Nthochi yakupsa imabweza mchere wina wotchedwa potaziyamu. Nthochi yosapsa yophika ndi kupota inayesedwa pa ana otsegula m'mimba ku Bangladesh ndipo inafupikitsa matenda, chifukwa imafika m'matumbo aakulu isanagayike n'kukadyetsa tizilombo tabwino tija. Kuchipatala amaperekanso mapiritsi a zinki, oti mwana amwe masiku 10 mpaka 14 ngakhale ataoneka kuti wachira.

Chitetezo chambiri chimamangidwa masiku amene munthu ali bwino, ndipo chili m'zakudya zimene timazipeputsa. Ufa woyera wachotsedwa gaga ndi mtima wa chimanga, n'kuviikidwa masiku angapo, motero umasiyira tizilombo tabwino chakudya chochepa. Mgaiwa umafika nazo zonse. Nandolo, khobwe, nyemba, mtedza, mbatata, chigwada, nkhwani, bonongwe, chisoso, therere, mango ndi malambe zonsezi zili ndi zimene tizilomboto timadya. Banja limene limasinthasintha ndiwo zotere likudyetsa matumbo ake bwino kuposa limene lagulitsa nandolo yense kwa mavenda n'kumadya nsima yoyera ndi matemba okhaokha. Thobwa ndi chambiko zili ndi ubwino wake wina: tizilombo timene timaziwawasa timatulutsa asidi amene kachilombo ka kolera ndi anzake sapirira bwino, kotero phala losasa limasungika bwino kuposa phala wamba losiyidwa tsiku lonse. Wina anena kuti anthu adwalapo atamwa thobwa la pamsika, ndipo sakunama. Vuto limakhala madzi osawiritsa amene wogulitsa wasungunulira thobwalo litapsa kale, botolo lotoledwa, kapena kapu imodzi yotsukidwa m'beseni limodzi tsiku lonse. Thobwa lotsekemera la tsiku loyamba lilibenso asidi wokwanira. Ndipo thobwa, ngakhale losasa bwino, si mankhwala a munthu amene kolera yamugwira kale.

Nanga mankhwala azitsamba amene makolo ankadalira? Sibwino kuwanyoza onse pamodzi. Madzi owiritsa masamba a gwafa, mwachitsanzo, ali ndi zinthu zomanga m'mimba pang'ono, ndipo poti awiritsidwa ndi madzi aukhondo. Koma alibe mchere ndi shuga pa muyeso uja, choncho sabweza zimene thupi lataya. Nthawi zambiri kutsegula kumatha kokha pa masiku atatu kapena asanu, ndipo mankhwala amene munthu wamwa komaliza ndi amene amatamandidwa. Oopsa ndi aja otsuka m'mimba, ogulitsidwa m'mabotolo pamsika kapena opopera kumbuyo, chifukwa amachita zomwezo zimene poizoni akuchita, kutulutsa madzi mwa munthu amene akuuma kale. Makala a pamoto osinja si makala okonzedwa mwapadera a kuchipatala, ndipo sangatsomphole poizoni amene walowa kale m'khoma. Mapiritsi a m'golosale nawo ali ndi vuto lawo. Flagyl, amene ambiri amathamangira, sapha kachilombo ka kolera. Kutsegula kwa ana ambiri kumayamba ndi mavairasi monga rota, amene katemera wake anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012, ndipo Bactrim kapena amokisilini sakhudza vairasi. Chimene mapiritsiwa amachita mosalephera ndi kupha tizilombo tabwino, ndi kuphunzitsa toipa kupirira mankhwala, mwakuti tsiku limene adzafunikedi sadzagwira. Alipo matenda ofuna mankhwala otere, monga kamwazi, taifodi ndi kolera yayikulu, koma wosankha mtundu ndi muyeso wake akhale wachipatala.

Poizoni wina amapangidwira mumphika, munthu asanadye n'komwe. Mpunga wophika ukagona pamalo otentha, tizilombo tina timene mbewu zake sizifa ndi moto timaswana n'kusiyamo poizoni amene kutenthetsanso sikumupha, ndipo wodya amayamba kusanza pasanathe maola 6. Mkute wa nsima ndi ndiwo zogona ziyenera kuvundikiridwa ndi kutenthetsedwa mpaka zitawira, koma mpunga ndi bwino kuphika wokwanira kudya nthawi yomweyo. Pamaliro, paukwati ndi pa sadaka, pamene chakudya chimaphikidwa m'mawa n'kudyedwa masana ndi anthu ambiri, kusamba m'manja m'beseni limodzi kumapatsa womaliza litsiro la onse, choncho madzi azithiridwa kuchokera m'jagi, ndi sopo. Madzi a pamjigo nthawi zambiri amatuluka abwino koma amaipira mu ndowa yosavundikira ndi kapu imene aliyense amaviika ndi dzanja. Thirani WaterGuard kapena kolorini wa kwa mlangizi n'kudikira mphindi 30. Amene amadana ndi fungo lake awiritse madziwo, ngakhale nkhuni zikuvuta. Asodzi okhala m'zimbowera, timanyumba toyandama pa Chilwa, ali pa vuto lalikulu kuposa onse, chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo amamwa pomwe amadzithandizira. N'chifukwa chake mu 2016 katemera wa kolera wakumwa anaperekedwa kwa asodziwo ndi midzi yozungulira nyanja m'maboma a Machinga, Zomba ndi Phalombe. Katemerayu amateteza kwa zaka zochepa chabe, ndipo sachotsa kufunika kwa chimbudzi ndi madzi abwino.

Thandizo la pakhomo lili ndi malire, ndipo kuwadziwa ndi mbali ya thandizolo. Chimbudzi chikakhala chamadzi oyera ndi chochuluka, chikakhala ndi magazi, wodwala akamasanza chilichonse, akalephera kumwa kapena kuyamwa, akafooka mpaka kusadzuka bwino, akatentha thupi kwambiri, kapena masiku atatu akadutsa osasintha, nyamukani. Khanda, mayi woyembekezera, nkhalamba ndi munthu amene chitetezo chake n'chotsika asadikire n'komwe zizindikiro zonsezi. Kolera yayikulu yosathandizidwa imatha kupha theka la odwala, pamene kuchipatala, ndi diripi ndi Thanzi, womwalira sakwana mmodzi mwa 100. Midzi yambiri ya kwa Kawinga ili kutali ndi Ntaja, ndipo m'dzinja njinga ya kabaza imatha maola pamatope. Musananyamuke konzani malita awiri a Thanzi m'chigubu choyera, mutenge kapu ndi supuni, ndipo wina akhale pambali pa wodwala kumamumwetsa njira yonse.