PHUNZIRO 14: MALO OSUNGIDWA M'CHIPULULU CHA KALAHARI

Phunziro lino likutitengera kutali, ku dziko la Botswana. Ena a inu munamvapo dzina la Francistown kwa abambo kapena agogo amene ankapita ku migodi ya ku Joni. Ndege za Wenela zinkatera kumeneko. Munthu akachoka pa Francistown kuloŵera chakumadzulo, amafika m'chipululu chachikulu chotchedwa Kalahari.

Dziko la ludzu

Chipululu ndi malo kumene mvula imagwa pang'ono kwambiri. Kalahari ndi wamkulu kuposa Malaŵi kasanu ndi kaŵiri. Mbali yake yaikulu ili ku Botswana, ndipo mbali zina zili ku Namibia ndi ku South Africa.

Musaganize kuti kuli mchenga wokhawokha. Udzu ulipo, mitengo ya minga iliponso. Chosoŵa ndi madzi oti munthu atunge. Mvula ikagwa, madziwo amangoloŵerera mumchenga. Mitsinje ina, monga Nossob ndi Auob, imatha zaka zambiri osayenda madzi. Nchifukwa chake anthu a ku Botswana amailemekeza mvula. M'chinenero chawo mvula ndi pula, ndipo ndalama yawo, imene inayamba kugwira ntchito mu 1976, anaitcha Pula.

Nanga nyama zimamwa chiyani? M'chipululumo mumamera mavwende a m'tchire amene ali ndi madzi ambiri. Nyama zina zimadya mavwendewo, zimakumbanso mizu ya madzi, ndipo zimatha miyezi osamwa pa dziŵe. Kuli ntchefu, nyumbu, nthiŵatiŵa, mikango ndi afisi.

Anthu amene akhala m'chipululumo kuyambira kale kwambiri ndi a mtundu wa San. Anzawo a ku Botswana amawatcha Basarwa. Makolo awo ankakhalira uzimba ndi kutola zipatso ndi mizu. Madzi ankawasunga m'zigoba za mazira a nthiŵatiŵa, nkuzikwirira mumchenga kudikira chilimwe.

Mapiri a zithunzi

Kumpoto chakumadzulo kwa Botswana kuli mapiri a Tsodilo. Aima okha pakati pa mchenga, ndipo amaonekera patali. Eni dera amatcha phiri lalitali Mwamuna, lotsatira Mkazi, ndipo laling'ono Mwana. Pa miyala ya mapiriŵa pali zithunzi zoposa 4,500 zojambulidwa ndi anthu akale. Zambiri ndi zofiira, zina ndi zoyera. Pali zipembere, ntchefu, anyamalikiti, ng'ombe ndi anthu.

Kwa a San ndi a Hambukushu amene amakhala pafupi, aŵa ndi malo a mizimu. Mu 2001 bungwe la UNESCO linaika Tsodilo pa mndandanda wa malo amene ali chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo amayenda ndi owatsogolera a m'midzi yomweyo, amene amapezapo ndalama. Lamulo lake ndi lakuti chithunzi ndi choona ndi maso basi. Osachikhudza, osachithira madzi kuti chioneke bwino, osalembapo dzina.

Inu a ku Dedza simudabwa nazo zimenezi. Ku Chongoni kuli malo 127 a zithunzi za pa miyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Acheŵa, ndipo UNESCO inawavomereza mu 2006. Tsono mwana akalemba dzina lake ndi khala pa chithunzi chotere, waononga chinthu chimene palibe angachibwezeretse.

Nkhalango ya pakati ndi mlandu wa madzi

Nkhani yovuta ili pakati peni peni pa chipululu. Mu 1961, Botswana asanalandire ufulu wake, boma la Angerezi linapatula malo aakulu nkuwatcha Central Kalahari Game Reserve. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 52,800, pafupifupi theka la Malaŵi. Cholinga sichinali kusunga nyama zokha ayi. Ankafunanso kuti a San akhale ndi dziko lopitirizapo moyo wawo.

Patapita zaka, boma la Botswana linasintha maganizo. Linati anthu ayamba kuŵeta mbuzi ndi abulu m'nkhalangomo, ndipo nyama za m'tchire sizingakhale bwino. Linatinso nkovuta kufikitsa sukulu, chipatala ndi madzi kwa anthu omwazikana chotero. Mu 1997 anthu ambiri anasamutsidwira ku midzi yatsopano ya New Xade ndi Kaudwane, kunja kwa nkhalango. Mu 2002 boma linaleka kupereka madzi kwa otsala, ndipo linatseka mjigo wa pa mudzi wa Mothomelo.

Taganizani bwino pamenepa. Kuno kwathu mjigo ukafa, amayi amadandaula, komabe amapita kudambo kapena kumtsinje. Ku Kalahari kulibe dambo lothaŵirako. Kutseka mjigo kuli ngati kuuza munthu kuti nyamuka, ngakhale osatulutsa mau.

A San ena anakana. Anati manda a makolo awo ali momwemo, ndipo ku midzi yatsopano kulibe chochita. Motsogozedwa ndi bambo Roy Sesana, anakasuma ku khoti. Mlanduwo unatenga zaka zinayi. Pa 13 Disembala 2006 Khoti Lalikulu, litakhala ku Lobatse, linagamula kuti anthuwo anachotsedwa mosatsata lamulo, ndipo ali ndi ufulu wobwerera kwawo. Koma boma linati obwerera momasuka ndi okhawo amene maina awo analembedwa pa mlandu. Ena ankafunika chikalata cha chilolezo kuti aloŵe. Mjigo uja unakhalabe wotseka.

Anasumanso. Mu Januwale 2011 khoti la apilo linawalola kugwiritsa ntchito mjigo wa pa Mothomelo ndi kukumba ina ya madzi akumwa. Kuchokera 2002 kufika 2011 ndi zaka zisanu ndi zinayi. Zaka zonsezo obwerera aja ankadalira mavwende, mizu, madzi a mvula ndi madzi otunga kutali pa abulu.

Palinso nkhani ya miyala ya dayamondi, imene inapezeka pa malo otchedwa Gope, m'kati mwa nkhalango yomweyo. Anthu ena ankati chosamutsira a San chinali chimenechi. Boma linakana. Chodziŵika nchakuti mgodi unatsegulidwa pamenepo mu 2014, ndipo unaima kugwira ntchito mu 2017.

Sitikunena kuti boma linalibe mfundo. Mwana wa San nayenso afunika sukulu, ndipo mayi wodwala afunika chipatala pafupi. Ndalama za alendo odzaona nyama zimathandizanso dziko. Koma kwa ine chimene chinalakwika ndi njira yake. Anthu amene anasunga nyamazo kwa mibadwo yambiri anayenera kufunsidwa ndi kumvedwa mokwanira, osati kuumirizidwa ndi ludzu.

Kumwera zinayenda mosiyanako. Mu 2000 Botswana ndi South Africa analumikiza nkhalango zawo ziŵiri za m'malire, nkupanga imodzi yotchedwa Kgalagadi Transfrontier Park. Nyama zimadutsa malire popanda mpanda. Mu 2002 boma la South Africa linabwezera a San a kumeneko ndi anthu a ku Mier gawo la malo m'kati mwa nkhalangoyo. Malowo ndi awo, koma anagwirizana kuti akhalebe osungiramo nyama.

Mafunso okambirana

Ŵerengani phunziroli kaŵiri, kenaka mukhale aŵiriaŵiri kapena atatuatatu.

1. Chifukwa chiyani ndalama ya ku Botswana inatchedwa Pula?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene mlendo sayenera kuchita pa zithunzi za pa miyala.
3. Boma la Botswana linapereka zifukwa zanji posamutsa anthu? Nanga a San anayankha chiyani?
4. Kuchokera 1961 kufika 2006 ndi zaka zingati? Lembani samuyo m'kope lanu.
5. Kodi kufupi ndi mudzi wanu kuli nkhalango ya boma, phanga, kachisi kapena manda akale? Amasamala malowo ndani? Anthu a m'mudzi amaloledwa kutengako chiyani?

Ntchito ya kunyumba

Funsani munthu wachikulire wa m'mudzi mwanu za malo amodzi akale a m'dera lanu. Lembani ziganizo zisanu pa zimene wakuuzani. Mubwere nazo ku kalasi sabata yamaŵa kuti mudzaŵerengere anzanu.