Kabokosi ka makobili ka Agogo

Tisanawerenge

Yang'anani kobili la 50 ngwee. Kodi pali nyama yanji? Nanga muganiza kuti anaiikapo cifukwa ciani?

Tiwerenge

Agogo anga aamuna kale anali kuyendetsa lole kucoka ku Lusaka kupita ku doko la Dar es Salaam. Kumeneko anali kusinthana makobili ndi anthu ogwira nchito m'sitima za pamadzi. Makobiliwo amawasunga m'kabokosi kacitsulo pansi pa bedi.

Tsiku lina Agogo atacokapo, ndinamva njala. Ndinatsegula kabokosi n'kutengamo kobili limodzi lalikulu. Ndinathamangira kwa amai ogulitsa vitumbuwa.

"Iwe mwana, iyi si ndalama ya kuno," anatero amaiwo. "Waitenga kuti? Kabweze msanga!"

Ndinabwerera kunyumba ndi manyazi. Madzulo ndinagwada pafupi ndi Agogo n'kunena kuti, "Agogo, ndalakwa. Ndinatenga kobili lanu osapempha."

Agogo anakhala cete pang'ono. Kenaka anati, "Wacita bwino kunena zoona, mdzukulu wanga. Koma usakabwerezenso. Bwera, khala apa."

Anayala nsalu pa tebulo, n'kuikapo makobili anai ndi mapu a dziko lonse.

"Onse awa acokera ku maiko ang'onoang'ono a pa zisumbu," anatero Agogo. "Cisumbu ndi malo ozungulidwa ndi madzi mbali zonse, monga Chilubi pa nyanja ya Bangweulu. Koma zisumbu izi zili pakati pa nyanja zazikulu za madzi amcere."

Kobili loyamba linali la mbali 7. Linali dola imodzi ya ku Barbados, ku nyanja ya Caribbean. Panali nsomba yokhala ngati ili ndi mapiko.

"Aa! Nsomba imauluka, Agogo?"

"Ee, pang'ono cabe. Ikathamangitsidwa ndi nsomba zazikulu, imalumpha m'madzi n'kutambasula zipsepse zake. Imayandama m'mwamba, kenaka n'kugweranso m'madzi."

Laciwiri linali 50 cents ya ku Tuvalu, dziko la zisumbu 9 ku nyanja ya Pacific. Panali nyama ya m'madzi yochedwa octopus. Ndinawerenga miyendo yake: inali 8!

Lacitatu linali 25 cents ya ku Seychelles, ku nyanja ya Indian. Mbali imodzi kunali cinkhwe cakuda. Nditalitembenuza ndinaona fulu pa cizindikilo ca dzikolo. Agogo anati afulu a kumeneko ndi aakulu kwambiri, ndipo amatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 100.

Lacinai linali lija ndinatenga ine. Linali 10 rupees ya ku Mauritius, ya caka ca 1971. Panali mbalame yonenepa ya mlomo waukulu wokhota ndi timapiko tating'ono.

"Iyi ndi dodo," anatero Agogo. "Inali kukhala ku Mauritius kokha. Sinali kuuluka, ndipo inali kuikira mazira pansi. Mu 1598 kunafika sitima za anthu a ku Holland. Anthu anayamba kupha mbalamezi. Makoswe ndi nkhumba zobwera ndi sitima zinali kudya mazira ake. Pofika caka ca 1700, dodo inali itatheratu."

"Ndiye kuti sindidzaiona, Agogo?"

"Iyai, mdzukulu wanga. Palibe amene adzaionenso yamoyo. Pa cisumbu cacing'ono nyama ilibe kothawira."

Ndinayang'ana kobili lija nthawi yaitali. Ndikanaligulitsa ndi citumbuwa cimodzi cabe!

Agogo anapisa m'thumba n'kundipatsa 50 ngwee ya kwathu kuno. "Yambira apa kusunga ako," anatero. "Njobvu iyi ikalipo. Ungathe kukaiona ku South Luangwa. Dziko limaika nyama pa ndalama cifukwa limainyadira. Tiisamale, isakatsale pa kobili pokha monga dodo."

Mau atsopano

kobili: ndalama yacitsulo
cisumbu: malo ozungulidwa ndi madzi
doko: malo amene sitima za pamadzi zimaimapo
zipsepse: ziwalo zimene nsomba imasambira nazo

Yankhani mafunso awa

1. Kodi Agogo anawapeza kuti makobili ao?
2. N'cifukwa ciani amai a vitumbuwa anakana kobili lija?
3. Kodi nsomba ya pa dola ya ku Barbados imathawa bwanji adani ake?
4. Chulani zinthu ziwiri zimene zinathetsa dodo.
5. Mwanayu anaulula kulakwa kwake. Mukanakhala inu, mukanacita ciani?

Lembani mau osowa

1. Octopus ili ndi miyendo ______.
2. Pa 25 cents ya ku Seychelles pali ______ cakuda.
3. Dziko la Tuvalu lili ndi zisumbu ______.

Kasungidwe ka makobili

Gwirani kobili m'mbali mwake. Musalikweceshe ndi mcenga, cifukwa cithunzi cimafufutika. Lisungeni pouma kuti lisade. Musaliike m'kamwa. Pa kapepala lembani dzina la dziko, caka ndi nyama imene ilipo.

Zocita

Pemphani kobili kwa makolo anu. Liikeni pansi pa pepala, ndipo pakani pensulo pamwamba pake pang'onopang'ono mpaka cithunzi cioneke. Lembani ziganizo ziwiri zonena za nyama kapena mbalame imene yaoneka. Mukatsiriza, bwezani kobili kwa mwini wake.